Kusuzumira Kuseri kwa Diso

 Nkhani yathu ya zaumoyo usiku uno ikuchokera kwathu ku Mchinji, m'dera la Inkosi Zulu, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia. Ndiyamba ndi malume anga, amene andilola kusimba za iwo malinga ndisatchule dzina.

Malumewo ndi mlimi wa fodya ndi mtedza, ndipo pa masiku awo adali katswiri posankha fodya m'chigafa. Tsamba limene ife tinkaliwona lofanana ndi linzake, iwo ankangolitembenuza kamodzi ndi kuliponya pa mulu wake. Atapezeka ndi nthenda ya shuga adalandira mankhwala, namamwa, mwezi wina mokhulupirika, mwezi wina mwa apo ndi apo, monga tichitira ambirife. Zidapita zaka 9. Pa zaka zonsezo palibe tsiku limene adakapimitsa maso, pakuti ankati, "Ndikapimitse chiyani ine, woloŵetsa ulusi pa singano popanda magalasi?" M'maŵa wina podzuka adawona ngati mwaye ukuyandama m'diso la kumanja. Adasamba, adatikita, mwayewo osachoka. Pofika madzulo diso lonse lidali ngati la munthu woyang'ana m'madzi a matope. Sadade nkhaŵa kwambiri. Adati ndi ng'ala, ndipo ng'ala tonse tidziŵa kuti amachotsa; ndi angati a kwathu amene adapita ku Nkhoma chowagwirira ndodo, nabwerako akuŵerenga okha makalata? Chotero adati ayambe agulitsa kaye fodya.

Sidali ng'ala. Dokotala wa maso atasuzumira mkati adapeza kuti mitsempha yaing'ono ya kuseri kwa diso idaphulika ndi kutayira magazi m'kati mwa diso, ndi kuti kuwonongekako kudayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Diso la kumanja silidabwerere. La kumanzere, limene iwo ankaliyesa langwiro, lidapezeka kuti nalonso lili pa njira yomweyo, koma ilo adalipulumutsa. Mpaka lero malume akamasimba nkhaniyi amatsiriza ndi kupukusa mutu, namati, "Komatu silidandiŵaŵepo n'kamodzi komwe."

Kuti timvetse chifukwa chake silidawaŵaŵe, tiyenera kuyamba tadziŵa mamangidwe a diso. Diso la munthu wamkulu ndi kampira ka mamilimita pafupifupi 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo chimene timachiwona pagalasi ndi khomo lake chabe. Kadontho kakuda ka pakati, kamene timati mwana wa diso, ndi kabowo, ndipo kamawoneka kakuda pa chifukwa chomwe khomo la nyumba ya udzu liwonekera lakuda masana kwa munthu woima pabwalo. Kuŵala kukaloŵa pa kabowoko kumadutsa m'kagalasi kachibadwa, kamene kakachita chifunga timati ng'ala, kenaka kumakagwera pa nembanemba yopyapyala yoyalidwa ku khoma la kumbuyo. Nembanembayo madokotala amaitcha retina. Kuchindikala kwake sikufika ndi theka lomwe la milimita, komabe muli timaselo tomva kuŵala toposa 100 miliyoni, ndipo uthenga wake umapita ku ubongo kudzera m'chingwe chimodzi chopotedwa ndi timinyeŵa toposa 1 miliyoni. Mwana akamawumbika m'mimba mwa mayi wake, retina imaphuka kuchokera ku ubongo weniweniwo, kotero kuti tingaitche nthambi ya ubongo imene idasuzumira pabwalo. Ilibe mitsempha yomvera ululu. Ikhoza kutha pang'onopang'ono mwini wake akudya nsima ndi mtima wokhazikika.

Koma chimene Namalenga adatimana pa ululu adatibwezera m'njira ina. Retina ndiwo malo amene dokotala angathe kuwona ndi maso ake mitsempha ya magazi ya m'kati mwa thupi ili pa ntchito, pamodzi ndi mutu wa chingwe chochokera ku ubongo, osang'amba kapena kuboola paliponse. Inu alimi a fodya mudziŵa kuti tsamba mukalilozetsa ku dzuŵa mitsempha yake yonse imawonekera, ndipo mlimi wochenjera amazindikira nthenda ya munda wonse pa tsamba limodzi. Retina ndi tsamba lotero.

Kwa zaka mazanamazana asing'anga a m'maiko onse adalephera kusuzumira m'kabowo kameneka, ndipo chifukwa chake achidziŵa aliyense amene adayesapo kuyang'ana m'mtsuko wa kukamwa kochepa: ukayandikiza diso, mutu wako womwe umatsekereza kuŵala. Mu 1851 katswiri wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, adafalitsa njira yothetsera vutoli. Adaika timagalasi mopendeka patsogolo pa diso la wodwala, kuti tibweze kuŵala kwa nyali yoikidwa pambali kuloŵe m'diso, iye n'kumayang'ana kupyolera m'timagalasi tomweto. Kachipangizo konga tochi kamene dokotala amakuyandikizirani kumaso masiku ano ndi mdzukulu wa kameneko. Kujambula kudabwera pambuyo. Chithunzi choyamba cha retina ya munthu wamoyo chidafalitsidwa mu 1886 ndi Jackman ndi Webster, ngakhale chidali chambuu. Mu 1926 kampani ya Zeiss idayamba kugulitsa kamera yopangidwira ntchito imeneyi. Ndipo mu 1991 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology ku America adalengeza makina otchedwa OCT, amene amawonetsa retina ngati chigumu chodulidwa pakati, muyalo uliwonse pawokha, osaikhudza n'komwe.

Mwina wina wayamba kale kunena kuti zonsezi n'za kunja. Ayi ndithu. Pa nkhani ya kuseri kwa diso, dziko la Malaŵi lidaphunzitsa dziko lonse lapansi chinthu chachikulu, ndipo aphunzitsi ake adali ana odwala malungo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chija timati ku Gulupu.

Amayi mudziŵa m'mene malungo aakulu amabwerera. Mwana atentha thupi dzulo, lero akomoka, maso atembenuka, mumuitana osayankha. Ku chipatala amtenga magazi, napeza tizilombo ta malungo, ndipo aliyense anena kuti malungo aloŵa mu ubongo. Komatu apa pali msampha. M'madera a udzudzu wambiri, monga kwathu m'madambo a mtsinje wa Bua, ana ambiri amayenda ndi tizilomboti m'magazi uku akuseŵera bwinobwino. Chotero mwana amene wakomoka ndi nthenda ina, kaya youmitsa khosi, kaya ina ya mu ubongo, akhoza kupezekanso ndi tizilombo ta malungo, nthenda yeniyeniyo n'kubisala kumbuyo kwake. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 madokotala aŵiri, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor, ankasamalira ana otereŵa ku Gulupu ndi kufufuza za nthenda yawo, ndipo dokotala wa maso, Susan Lewallen, adayamba kusuzumira m'maso mwa anawo. Zimene adayamba kulemba mu 1993, nazikwaniritsa m'zaka zotsatira, ndi izi: timaŵanga toyera pa retina ngati ufa wowazika, timadontho ta magazi tokhala ndi kadiso koyera pakati, ndiponso mitsempha imene idasiya kufiira, nisanduka mtundu wa lalanje kapena yoyera. Chifukwa chake nachi. Tizilombo ta malungo tikaloŵa m'maselo ofiira a magazi timawachititsa kumata, ndipo maselowo amakakamira m'makoma a mitsempha yaing'ono mpaka kutseka njira. Pamene magazi sakufika pamayera. Tizilomboto timadyanso chinthu chimene chimafiiritsa magazi, ndipo n'chifukwa chake mtsempha wodzaza nato umatuŵa. Popeza retina ndi nthambi ya ubongo, zimene zikuwoneka m'diso ndi zomwe zikuchitika m'mutu.

Umboni wotsimikiza udachokera kwa makolo amene, ali pakati pa chisoni, adalola kuti matupi a ana awo apimidwe. Ndi chinthu chovuta kuvomera pa mwambo wathu, ndipo ndiyesa dziko silidawathokoze mokwanira. Zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2004. Mwa ana 31 amene onse ankayesedwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, 7 adapezeka kuti adamwalira ndi nthenda zina. Ndiye kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse. Ndipo chizindikiro chokhacho chimene chikadawasiyanitsa ndi anzawo akali moyo chidali cha kuseri kwa diso. Pambuyo pake dokotala wina, Nicholas Beare, ndi anzake adajambula retina za ana ambiri pa chipatala chomwecho, ndipo zithunzi zimenezo zikuphunzitsa madokotala m'maiko akutali. Mwana wokomoka amene ali ndi tizilombo m'magazi amapatsidwa mankhwala a malungo mosazengereza, zimenezo sizidasinthe. Koma ngati retina yake ilibe zizindikiro zija, dokotala wanzeru sapuma, amapitiriza kufunafuna nthenda yobisala. Chotero amayi, mukawona dokotala akuŵalitsa tochi m'diso la mwana amene sanadandaulepo za maso, musadabwe, sakusochera.

Tibwerere tsopano kwa malume ndi shuga wawo, pakuti apa ndipo pali ngozi imene ikukula mwakachetechete m'midzi mwathu. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 adapeza kuti mwa Amalaŵi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 mwa 100 alionse adali ndi shuga, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa iwo sankadziŵa kuti akudwala. Kale tinkati izi ndi nthenda za mabwana a m'tauni. Lero maliro ake tikuwalira kumudzi.

Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka zambiri amachita ndi mitsempha yaing'ono monga achitira nankafumbwe ndi chimanga m'nkhokwe: kunja kuwoneka bwino, m'kati mukusanduka ufa. Poyamba makoma a mitsemphayo amafooka, natumphuka timatuza ting'onoting'ono, timene pa chithunzi timawoneka ngati madontho ofiira osaposa msonga ya singano. Kenaka timatuzato timayamba kudontha, kusiya timaŵanga tachikasu ta mafuta. Ngati kudonthako kwachitika pakati penipeni pa retina, pamalo pamene timaŵerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu, pamatupa, ndipo zilembo zimayamba kusungunuka. Mitsempha ina imatsekekeratu. Retina ikawona kuti ikufa ndi njala imameretsa mitsempha yatsopano mofulumira, koma imeneyi ndi yosalimba, ili ngati mizu ya mbewu yomera m'mdima. Tsiku lina umodzi umaphulika, ndipo ndiwo mwaye umene malume adauwona m'maŵa uja. Pomaliza zipsera zake zimakoka retina mpaka kuimatula ku khoma. Kuchokera pa kadontho koyamba kufika pa mwaye pamapita zaka, ndipo pa zaka zonsezo munthu akhoza kumaloŵetsabe ulusi pa singano.

Kukula kwa vutoli kuno kwathu kudayesedwa. Dokotala wa maso Philip Burgess ndi anzake adapima anthu 357 amene ankalandira chithandizo cha shuga ku Blantyre ndi ku Zomba, ndipo mu 2014 adalengeza kuti theka la anthuwo lidali kale ndi zizindikiro pa retina, pamene pafupifupi 3 mwa 10 alionse adali atafika pa mlingo wowopseza kupenya kwawo. Tangoganizani mzere wa anthu khumi pa benchi ya ku kiliniki ya shuga, akucheza za mitengo ya feteleza, atatu mwa iwo ali pa njira ya malume.

Chithandizo chilipo. Pali kuŵala kwamphamvu kotchedwa laser kumene dokotala amawotcherako malo odwala kuti mitsempha yosalimba ija ifote. Palinso jekeseni wa m'diso wophwetsa kutupa, amene dzina lake limawopsa kuposa ululu wake, pakuti amayamba aziziritsa kaye diso ndi mankhwala. Pamwamba pa zonse pali kutsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pakuti nthenda ziŵirizi zikagwirizana zimawononga mofulumira. Koma mumvetsetse apa: ntchito yaikulu ya laser ndi kusunga chimene chatsala. Chimene chafa kale pa retina sichimera kaŵiri. Ng'ala ingathe kudikira kuti mugulitse fodya, retina siidikira.

Nanga kamera ikuwonjezerapo chiyani, popeza dokotala angathe kusuzumira ndi tochi yake? Kunena zowona, chimene dokotala wawona ndi diso lake chimatsala m'mutu mwake, ndipo chaka chamaŵa mwina mudzapeza wina. Chithunzi chimasungika. Cha chaka chino chikaikidwa pambali pa cha chaka chatha, ngakhale kadontho kamodzi katsopano kamadziulula. Ndiponso wojambula safunika kukhala dokotala wamkulu. Namwino kapena mlangizi wophunzitsidwa bwino angathe kujambula m'mphindi zoŵerengeka, chithunzicho n'kutumizidwa pa intaneti kwa katswiri amene ali ku Lilongwe. Kwa ife a ku Mchinji zimenezi si zazing'ono. Kuchokera pa boma kukafika ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central ndi makilomita pafupifupi 110, osaŵerengera ulendo wa pa kabaza wochokera kumudzi, ndalama ya woperekeza, ndi ganyu wotayika. N'kwabwino kuti chiyambe kuyenda ndi chithunzi, munthu adzayende pokhapokha chithunzicho chikamuitana.

Palinso phindu lina limene mabuku salitchula kaŵirikaŵiri. Malume adauzidwa kwa zaka 9 kuti achepetse shuga m'tiyi, namangovomera ndi pakamwa. Tsiku limene adawawonetsa chithunzi cha diso lawo la kumanzere, lofiira ngati dzuŵa la madzulo, lodzaza timadontho ndi timaŵanga, adachiyang'ana nthaŵi yaitali monga ankayang'anira tsamba la fodya, kenaka adati, "Ili n'la giredi yotsika." Kuyambira pamenepo sadaphonyenso mankhwala.

Masiku ano ngakhale makompyuta aphunzitsidwa kuŵerenga zithunzi zimenezi. Mu 2018 boma la America lidavomereza makina oyamba otha kunena okha ngati retina ya munthu wa shuga ifunika kuwonedwa ndi dokotala, ndipo mu 2019 kudafalitsidwa kafukufuku wa kwa anansi athu ku Zambia, m'chigawo cha Copperbelt, kumene kompyuta idaŵerenga zithunzi za anthu a shuga oposa 1,500, nichita bwino poyerekeza ndi akatswiri. Palinso timakamera tonyamula m'manja, tina tomangirira pa lamya. Ine ndimakondwera nazo, koma sindikomedwa nazo mopitirira. Kamera sichiritsa munthu. Chithunzi chikanena kuti diso lili pa ngozi, koma mwini wake alibe ya basi, kapena palibe amene wamfotokozera tanthauzo lake, ndiye kuti tangojambula khungu lake lisanafike. Makina otereŵa akadali ochepa m'dziko muno, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zazikulu. Koma tisakhale manja lende kuwadikira, pakuti dontho la mankhwala otsegula mwana wa diso, pamodzi ndi chipangizo cha m'manja cha wophunzitsidwa za maso, zimagwira mbali yaikulu ya ntchito yomweyo.

Ndingotchula mwachidule nthenda zina zimene kuseri kwa diso kumaulula. Kuthamanga kwa magazi kumachepetsa ndi kuumitsa mitsempha ya retina, ndipo pena munthu amadziŵira kwa dokotala wa maso kuti ali nako. Nthenda ya glaucoma, imene imaba kupenya kuyambira m'mbali, imakumba mutu wa chingwe cha ubongo chija ngati mtondo wakutha. Ngati kwanu kuli wina amene adachita nayo khungu, inunso kapimitseni. Mutu wa chingwewo ukatupa m'maso onse aŵiri, dokotala amadziŵa kuti m'chigaza muli chopanikiza. Amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV angathe kugwidwa ndi kachilombo kowononga retina. Ndipo makolo, mukawona mwana wa diso la khanda lanu akuŵala moyera, ngati diso la mphaka usiku, makamaka pa chithunzi cha lamya, musadikire sabata. Pena imakhala ng'ala yobadwa nayo, koma pena ndi khansa ya retina, imene ikapezeka msanga moyo wa mwana umapulumuka.

Tsono inu amene muli ndi shuga, kaya muli kwa Zulu, kaya kwa Mkanda, kaya ku Karonga, mvetserani. Ngati shuga wanu adapezeka muli wamkulu kale, retina iyenera kupimidwa nthaŵi yomweyo, pakuti nthendayo imakhala itagona m'thupi zaka zingapo isanadziŵike. Pambuyo pake kamodzi pa chaka, kapena kuŵirikiza ngati dokotala watero. Mayi wa shuga akaima apimitse mimba ikali yaing'ono, chifukwa pakati pamafulumizitsa kuwonongekaku. Kuŵerenga zilembo zopachikidwa pa khoma si kupima retina ayi, ndipo magalasi a pa msika angakuthandizeni kuŵerenga uku mitsempha ikupitiriza kudontha. Safunsa adadya phula: mukapita ku kiliniki ya shuga pa chipatala cha boma, nenani momveka kuti, "Ndifuna andiwone kuseri kwa diso," ndipo wa za maso akapeza chokayikitsa adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu. A kwathu amene amawoloka malire kupita ku chipatala cha Mwami, mbali ya ku Chipata, akanene mawu omwewo.

Pa tsikulo adzakudonthezerani mankhwala m'maso. Amalasa pang'ono ngati sopo, ndipo mudzadikira pafupifupi theka la ola kuti mwana wa diso atseguke. Kujambulako sikuŵaŵa, sikutenga magazi, ndipo kamera siikhudza diso. Mudzangowona kung'anima ngati mphezi yakutali. Koma kwa maola angapo pambuyo pake mudzawona mwachimbuuzi, ndipo dzuŵa lidzakuthobwani. Chotero tengani chipeŵa cha mlomo waukulu, musapalase njinga nokha pobwerera, pitani ndi wokuperekezani, ndipo buku lanu la ku chipatala lisatsale, kuti alembemo tsiku lodzabweranso. Malume tsiku lawo limagwa m'mwezi wa June, mtedza utakumbidwa, ndipo chaka chino wowaperekeza ndine.